Nsapato Pakhomo pa Mzikiti: Mbiri ya Chisilamu m'Njira ya ku Tete

Kuchokera ku Mwanza, ukangodutsa chipata cha Zóbuè, msewu umayamba kutsetsereka. Umasiya mphepo yozizira ya m'mapiri n'kumalowera m'chigwa cha Zambezi kumene dzuwa limaswa mtengo, mpaka kukafika ku Moatize komwe fumbi la malasha limadetsa ndi zovala zoyanika pachingwe zomwe. Dera limeneli si la Asilamu ambiri. Anyungwe akumunsi ndi Achewa ndi Angoni akumtunda ambiri ndi Akhristu, ena akadali ndi za makolo ndi gule wawo, ndipo pa zigawo zonse za Mozambique, Tete ndi chimodzi mwa zimene Asilamu ali ochepetsetsa. N'chifukwa chake ambiri kuno Chisilamu amachionera patali: mkanjo woyera wa mwini golosale, dalaivala wa thiraki amene wayala kamkeka pafupi ndi matayala, ndi mawu a pa wailesi onena za nkhondo ya ku Cabo Delgado. Zitatuzi zikasakanizika m'mutu, munthu amayamba kumuyang'ana ndi diso lina mwini golosale uja. Diso limenelo ndaliona m'basi, ndipo limandipweteka, pakuti njira yomweyi ili ndi mbiri yokwanira kutiphunzitsa kusiyanitsa wopembedza ndi wakupha.

Chisilamu chinafika m'chigwa cha Zambezi Apwitikizi asanaponde. Chinabwera potsata golide wa kwa Mwenemutapa ndi minyanga ya njovu ya kumtunda. Amalonda a m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere, Kilwa, Sofala ndiponso makamaka Angoche, ankakwera mtsinje ndi ngalawa atanyamula nsalu ndi mikanda, n'kukocheza pa misika ya Sena ndi Tete. Sanabwere ndi asilikali. Ankapereka mphatso ndi msonkho kwa mafumu, ankakwatira ana a eni nthaka, ndipo ana awo ankakula akulankhula chinenero cha amayi awo. Anthu ankawatcha amwenye, liwu lochokera ku Chiswahili lotanthauza mwini kapena bwana. Lero tikati Mmwenye timaganiza za munthu wa ku India wokhala kuseri kwa kauntala, osadziwa kuti dzinalo linayambira pa Asilamu akuda ngati ife, oyenda ndi ngalawa m'Zambezi.

Cha m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika pa Sena ndi pa Tete pomwepo, ndipo mpikisano wa malonda unavala chovala cha chipembedzo. Mu 1561 wansembe wa Chijezuwiti, Gonçalo da Silveira, anabatiza Mwenemutapa, koma pasanathe miyezi itatu mfumuyo inalamula kuti aphedwe. Apwitikizi analoza chala amalonda achisilamu a ku bwalo la mfumu. Patapita zaka khumi, Francisco Barreto anafika ku Sena ndi gulu lankhondo lodzabwezera. Akavalo ake anayamba kufa, asilikali nawo akugwa ndi malungo. M'chigwa chodzaza kashembe ndi udzudzu zimenezo sizinali zodabwitsa, koma alendowo anati Asilamu a pa Sena athira ululu m'zitsime ndi m'msipu. Anawagwira n'kuwapha mwankhanza zosaneneka, ena mwa iwo anthu amene anali atangowalandira ndi chakudya. Sindikukumba za kale kuti ndidzutse mkwiyo. Ndikungofuna tikumbukire kuti pa kuphana kwakukulu kokhudza chipembedzo kumene mabuku akale a chigwachi amasimba, Asilamu ndiwo anali pansi pa mpeni, ndipo chinawaphetsa ndi mphekesera.

Zitatero, Chisilamu cha m'chigwa chinazilala ngati moto wopanda wosonkhezera. Aphunzitsi anasiya kubwera. Zidzukulu za amwenye zinasunga tizizindikiro towerengeka, kusadya nkhumba, kuzinga nyama, mdulidwe, koma swala ndi kuwerenga zinaiwalika. Kumpoto kwa mtsinje, mafumu a Amaravi, Kalonga, Undi ndi Lundu, ankagulitsa minyanga kunyanja koma mvula ankapempha kwa Makewana ku Msinja ndi kwa Mbona ku Khulubvi. Zinakhala chomwecho zaka pafupifupi mazana atatu.

Kubwera kwachiwiri kunadzera kunyanja ya Malawi. Ayao a kumapiri a pakati pa Lujenda ndi Rovuma anali akatswiri a maulendo aatali opita ku Kilwa ndi ku chisumbu cha Mozambique. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kuyamba ufumu wa a Jumbe, ndipo Achewa ambiri a kumeneko analowa Chisilamu. Cha m'ma 1870 Makanjira anakhala Msilamu, ndipo Mataka wa ku Mwembe, Mponda ndi Jalasi anatsata njira yomweyo. Pano sitingabise mawu. Chuma cha mafumuwa chinali minyanga ndi anthu, ndipo midzi ya Amang'anja ndi Achewa inatha ndi goli. Koma ukapolo wa nthawi imeneyo sunali wa chipembedzo chimodzi: m'chigwa cha Zambezi chomwechi, eni maprazo obatizidwa, pamodzi ndi asilikali awo achikunda, ankachita malonda omwewo. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti Chisilamu chinafalikira kwambiri ambiri mwa mafumuwa atagonja kale kwa Harry Johnston m'ma 1890, mfuti zitalandidwa, malonda a akapolo atatha. Amene anachifalitsa sanali ankhondo. Anali mashehe oyenda pansi mudzi ndi mudzi, onga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, atanyamula Kurani ndi thabwa lolembapo ana.

Chikhulupiriro chimene anaphunzitsa ndi chomwe Msilamu wamba ali nacho mpaka lero, ndipo sichovuta kuchifotokoza. Munthu amavomereza kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo Muhammad ndi Mtumiki wake. Amaswali kasanu patsiku atasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Amasala mwezi wa Ramadani kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, ndipo amene anakhalapo ku Tete mu Okutobala akudziwa tanthauzo la kusamwa madzi tsiku lonse m'dziko limenelo. Amapereka zakati kwa osauka, ndipo ngati thumba ndi thanzi zilola amapita ku Makka kamodzi pa moyo. Zina zonse zinalowa m'moyo wa mudzi mwakachetechete. Chinamwali cha anyamata chinasanduka jando. Chakudya chokumbukira omwalira chinatchedwa sadaka, phala ndi mpunga kulowa m'malo mwa mowa. Ufumu unapitirira kutsata mbumba, mwana wa mlongo kulowa m'malo mwa malume ake, ngakhale mabuku a malamulo a ku Arabia amanena zina. M'banja limodzi munkapezeka shehe, katekisiti ndi wa kudambwe, onse n'kukumana pa maliro a agogo awo. Paja chibale ndi fupa, sichiola.

Kenaka kunabwera matwaliki, magulu a Asufi okonda kutamanda Mulungu mwa nyimbo ndi kupuma kwa pamodzi kumene timati sikiri. Shadhiliyya inafika pa chisumbu cha Mozambique mu 1897 kuchokera ku Comoros, Qadiriyya inatsatira patapita zaka zochepa kuchokera ku Zanzibar. Ku Nkhotakota, amene analimbitsa Qadiriyya mu 1929 anali mayi, Shehe Mtumwa binti Ali, wophunzira ku Zanzibar, amene amuna ndi akazi omwe ankalandira chilolezo cha twaliki m'manja mwake. Amene amaganiza kuti Chisilamu chathu chinayamba ndi kutsekera akazi m'nyumba ayenera kumva dzina limenelo.

Apa ndi pamene panabadwira mkangano umene tiyenera kuumvetsa bwino, chifukwa ndi kiyi wa nkhani yonseyi. Kuyambira m'ma 1930, mashehe ena amene anazama m'mabuku a Chiarabu anayamba kufunsa kuti: kodi sikiri wa pamaliroyu Mtumiki anachitapo? Nanga mbendera zotsogolera jeneza? Nanga sadaka ya tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi la makumi anayi? Iwo ankati maliro aperekezedwe mwachete, ndipo anthu anawatcha asukuti, kuchokera ku liwu la Chiarabu la kukhala chete. Mkangano womwewu unabuka ku Angoche ndi m'madera ena a kumpoto kwa Mozambique. Ku Malawi unafika mpaka pa nyama ya mvuu, ena akuti ndi halali pakuti imakhala m'madzi, ena akuti ndi haramu pakuti ili ngati nkhumba. Sunali mkangano wa masewera. Mabanja ankasiya kulankhulana, midzi ina inamanga mizikiti iwiri, nthawi zina zibakera zinkauluka mpaka mafumu ndi a boma kulowererapo. Koma msukuti sanatolere achinyamata kupita nawo kutchire. Sanati mnzake wa twaliki ndi kafiri woyenera kudulidwa khosi. Ankamuyesa Msilamu wolakwitsa, woyenera kugonjetsedwa ndi buku. Kulimbikira malemba, ngakhale kouma mutu chotani, takhala nako zaka pafupifupi zana popanda manda a anthu ambirimbiri.

M'zaka zomwezo Chisilamu chinabwereranso m'njira ya ku Tete, ulendo uno pa mapazi a amuna ofuna ntchito. Anthu a ku Nyasaland opita ku migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia ankadutsa pa Mwanza ndi Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowera ku Mutoko, ena pansi, ena pa malole a Ulere. Ambiri anali Ayao, ndipo mizikiti yambiri ya m'makomboni a ku Zimbabwe inamangidwa ndi iwo ndi ana awo. Ena anathera m'njira, n'kukhala atelala, ophika ndi ozinga nyama. Amalonda achisilamu ochokera ku India anatsegula masitolo m'tauni ya Tete ndi m'mphepete mwa msewu. Njanji itafika ku Moatize mu 1949, tauni ya malasha inakoka anthu a mitundu yonse. Koma boma la Apwitikizi linali litapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mpingo wa Katolika pa mgwirizano wa 1940, ndipo ku Zóbuè komweko kunali seminale yotchuka ya Ansembe Oyera. Mwana wa Msilamu wofuna sukulu ankayenera kudutsa pa katekisimu, nthawi zambiri ndi dzina latsopano. Makolo ambiri anakana, ku Mozambique ndi ku Nyasaland komwe, ndipo mtengo wa kukanako unali umphawi wa mibadwo iwiri kapena itatu. Bala limeneli ndi lenileni, ndipo amene anadzalalikira chidani pambuyo pake ankadziwa pokanda.

Nkhondo ya ufulu itayamba mu 1964, apolisi achinsinsi a PIDE anamanga ndi kupha mashehe ambiri a kumpoto powaganizira kuti akuthandiza Frelimo. Ku Tete, asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazana angapo ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, ndipo amene anaulula anali ansembe achikatolika. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, opembedza onse anaona zakuda. Boma latsopano linkati chipembedzo ndi umbuli, mamadrasa ndi matchalitchi ambiri anatsekedwa. Asilamu a kumpoto amakumbukirabe tsiku limene Samora Machel analowa mumzikiti wa pa chisumbu cha Mozambique osavula nsapato. Kwa munthu wakunja ndi nkhani yaing'ono. Kwa amene amagunditsa mphumi yake pamkeka umenewo kasanu patsiku, kunali kupondedwa pankhope.

Pamenepa n'kuti mphepo ina ikuomba kuchokera kutali. Ku Arabia, chiphunzitso cha Muhammad ibn Abd al-Wahhab, amene anapangana ndi banja la Saud mu 1744, chinkadana ndi kuyendera manda a oyera mtima ndi miyambo yonse yowonjezera. Ndalama za mafuta zitachuluka m'ma 1970, chiphunzitsochi chinayenda ndi mabuku, mizikiti yatsopano ndi mwayi wa sukulu. Abubacar Ismael Mangira, amene anaphunzira ku Medina, anatsogolera kukhazikitsidwa kwa Conselho Islâmico de Moçambique mu 1981, boma litayamba kufewa. A matwaliki ndi anzawo anayankha ndi bungwe lawo, Congresso Islâmico, mu 1983. Mu 1998 achinyamata a kumpoto obwera kumaphunziro, poona kuti utsogoleri uli m'manja mwa anthu a ku Maputo, anapatuka n'kupanga gulu la Ahl al-Sunna. Ku Malawi zinayenda mofanana: achinyamata ophunzira kunja anatsamira ku Muslim Association of Malawi, a sikiri anakhala ndi Qadiriya Muslim Association of Malawi. Unali mkangano wa sukuti uja utavala buluku lalifupi ndi ndevu zazitali. Anthu awa ndi amene ena amawatcha Mawahabi kapena Asalafi. Ndinganene mosabisa kuti zina za chiphunzitso chawo sindigwirizana nazo, makamaka kupeputsa miyambo imene inasunga agogo athu m'chikhulupiriro pa nthawi yovuta. Koma anamanga sukulu, zipatala ndi zitsime, ana awo aakazi afika ku yunivesite, amavota, ndipo amalipira msonkho.

Liwu limene timamva pa wailesi lakuti fundamentalismo silinabadwire mumzikiti n'komwe. Linayamba ndi Akhristu a Chipulotesitanti a ku America cha m'ma 1910, amene ankaumirira kuti malemba atengedwe monga momwe alembedwera. Linayamba kumatidwa pa Asilamu makamaka Iran itasintha boma mu 1979. Vuto la liwuli n'lakuti limaika m'thumba limodzi munthu wosadya ndi dzanja lamanzere ndi munthu wotchera bomba. Asilamu eni ake ali ndi dzina lakale la gulu lachiwirili. Amati Makhawariji, anthu amene anapatuka m'zaka zoyambirira zenizeni za Chisilamu n'kumati Msilamu aliyense wosagwirizana nawo wasanduka kafiri ndipo magazi ake ndi ololedwa. Mmodzi wa iwo ndiye anapha Ali, msuweni ndi mkamwini wa Mtumiki, mumzikiti wa ku Kufa mu 661. Maganizo amenewa anatsitsimuka m'zaka za m'ma 1900 kudzera mwa olemba onga Sayyid Qutb, amene ananyongedwa ku Egypt mu 1966, ndipo anakula m'nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq. Mabomba a al-Qaeda a pa 7 Ogasiti 1998 ku Nairobi ndi Dar es Salaam anapha anthu oposa 200, pafupifupi onse Aafirika. Malire enieni ali pamenepo. Sali pa kutalika kwa ndevu kapena pa nsalu ya kumutu. Ali pa tsiku limene munthu wadzipatsa udindo wochotsa anzake m'chipembedzo ndi kuwaweruza imfa.

Anthu a ku Moatize ndi Zóbuè safunika kuuzidwa kuti nkhondo ndi chiyani, ndiponso kuti siifuna mzikiti kuti iyambe. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, njanji ya Sena inadulidwa, migodi inaima, ndipo magalimoto ochoka ku Zóbuè kupita ku Nyamapanda ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndipo mu 2015 ndi 2016, anthu oposa 10,000 a ku Nkondezi ndi midzi yoyandikana anawolokera ku Kapise m'boma la Mwanza nyumba ndi nkhokwe zawo zitatenthedwa, ena n'kusamutsidwira ku Luwani. Palibe amene anati Akhristu onse ndi otentha nkhokwe.

Malasha atadzukanso, chigwa chinasintha nkhope. Kampani ya Vale inapambana chilolezo mu 2004 n'kuyamba kukumba mu 2011. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, ndipo mu Januwale 2012 a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yamiyala. Njanji yatsopano ya makilomita 912 inadutsa m'Malawi, pa Nkaya ndi Liwonde ndi Nayuchi, kukafika ku Nacala, kulumikiza Moatize ndi dziko la Asilamu a kunyanja monga momwe Zambezi unkachitira kale. Ndalama zinakoka alendo: amalonda a ku West Africa, Somalia, Pakistan ndi Bangladesh, amisiri a ku Nampula ndi Zambézia, madalaivala a ku Tanzania. Mizikiti inawonjezeka, ndipo Asilamu a miyambo yosiyana anayamba kuima pamzere umodzi Lachisanu. Msewu womwewu ndi wa anthu ozembetsedwa opita ku Joni. Pa 24 Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama, anapeza mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia m'kontena yochokera ku Malawi. Ndimawakumbukira anthu amenewo ndikamva wina akunena kuti mlendo aliyense wa nkhope yachilendo pa Zóbuè ndi chigawenga. Ankangofuna ntchito.

Ku Cabo Delgado, mtunda woposa makilomita chikwi pamsewu kuchokera ku Moatize, zinthu zofanana zinaphika mphika wina. Miyala ya rubi inapezeka ku Montepuez mu 2009, gasi wambiri m'nyanja pafupi ndi Palma mu 2010, koma mnyamata wa Chimwani kapena Chimakua wogulitsa nsomba ankangoona magalimoto akudutsa. Kumayambiriro kwa 2017 apolisi anathamangitsa mwankhanza zikwi za okumba rubi pawokha. M'nthaka yotereyi munali mutamera kale kagulu kachilendo, kamene ofufuza amalondola chiyambi chake cha m'ma 2007 ku Balama, kenaka ku Chiúre, Macomia ndi Mocímboa da Praia. Achinyamata ake ankamvera maulaliki a Chiswahili a Aboud Rogo wa ku Mombasa, amene anaphedwa mu 2012. Ankaletsa ana kupita ku sukulu za boma, ankakana zipatala, zitupa ndi mbendera. Ankanyoza mashehe akale kuti ndi makafiri, ndipo ankakana kudya chakudya cha makolo awo owabereka. Kwathu timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Awa anayamba ndi kukana amayi awo. Ndipo ankalowa m'mizikiti atavala nsapato, mipeni ili m'chiuno.

Amene anayamba kuliza mfuu anali Asilamu. Mashehe a matwaliki ndi a Conselho Islâmico omwe, anthu amene kwa zaka makumi atatu sankamwerana madzi pa nkhani ya sikiri, anawathamangitsa achinyamatawa m'mizikiti yawo n'kukadandaula kwa akuluakulu a maboma kangapo konse. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma a boma ambiri anayesa kuti ndi mkangano wina wa mumzikiti. Pa 5 Okutobala 2017 kaguluko kanaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko anawatcha al-Shabaab, kutanthauza achinyamata, ngakhale si gulu la ku Somalia lija, ndipo pakamwa pa ambiri dzinalo linasanduka machababo. Mu 2019 gulu la Islamic State linayamba kunena kuti ndi anthu ake. Mu Epulo 2020 anapha anthu 52 ku Xitaxi m'boma la Muidumbe, ambiri achinyamata amene akuti anakana kulowa gululo. Mu Ogasiti chaka chomwecho analanda doko la Mocímboa, ndipo pa 24 Malichi 2021 anagwera Palma, mpaka kampani ya Total inaimitsa ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni. Asilikali a ku Rwanda ndi a SADC anafika mu Julayi 2021. Kumapeto kwa chaka chimenecho moto unadumphira ku Mecula m'chigawo cha Niassa, ndipo mu Seputembala 2022 anapha sisitere Maria De Coppi ku Chipene m'chigawo cha Nampula. Akhristu aphedwa chifukwa cha Chikhristu chawo, zimenezo n'zoona ndipo siziyenera kuchepetsedwa. Koma midzi imene inayamba kupsa ndi ya m'mbali mwa nyanja, ya Mocímboa, Macomia, Quissanga ndi Palma, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ndi ya Msilamu. Mwa anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawa kwawo, khwimbi ndi la amayi ovala hijabu, ndipo mizikiti nayo inatenthedwa.

Msilamu wamba wakhala ngati chala chapakati pa chitseko ndi mphuthu. Kutchire akumuti kafiri, kumsewu akumuti chababo. Nkhondo itangoyamba boma linatseka mizikiti ingapo ku Cabo Delgado, ndipo anthu ambiri anamangidwa chifukwa cha ndevu ndi dzina, makhoti n'kudzawamasula posowa umboni. Kugwira mwachisawawa kotere ndi mphatso kwa zigawenga, pakuti mnyamata womenyedwa popanda mlandu ndi amene iwo amamudikira. Ku Malawi tinalawako mu Juni 2003, pamene alendo asanu achisilamu anagwidwa ku Blantyre powaganizira za al-Qaeda n'kutulutsidwa m'dziko mozemba khoti. Ku Mangochi kunabuka zipolowe, matchalitchi anaonongedwa, ndipo anthu asanuwo anadzamasulidwa ku Sudan opanda mlandu. Tinalawanso njira ina. Mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo utafika pa kumenyana ku Balaka mu 2019, atsogoleri a mbali zonse anakhala pansi kudzera mu Public Affairs Committee, ndipo mu 2021 anasainirana kuti mtsikana wa Chisilamu azivala nsalu yake yogwirizana ndi yunifolomu. Anatenga zaka ziwiri akukangana, ndipo palibe amene anapeza zonse zimene ankafuna.

Asilikali a SADC anachoka ku Cabo Delgado mu 2024, a ku Rwanda anatsala, ndipo nkhondo sinathe. Ku Tete sinafike. Mgodi wa Moatize uli m'manja mwa kampani ya Vulcan kuyambira 2022, sitima zikupitabe ku Nacala, ndipo a ku Cateme akadali ndi madandaulo awo. Pa Zóbuè mathiraki amandanda podikira mapepala, osintha ndalama akupikisana ndi ogulitsa manachesi a ku Mwanza. Lachisanu dzuwa likapendeka pang'ono, amuna amatseka masitolo ku Moatize, ena amatsika m'basi za kumgodi, n'kulunjika kumene kukuchokera azana. Wina agogo ake ankavina sikiri ku Angoche, wina anaphunzira kwa shehe wobwera ku Medina, wina ndi Myao wa ku Mangochi amene mkazi wake ndi Mnyungwe wa kwaya ya Katolika. Akatuluka adzakangana za sadaka ya malemu ndi za tsiku loona mwezi. Pakali pano onse awerama pakhomo, ndipo pamasitepe pakuunjikana majombo akuda ndi malasha, masandasi a ku Dubai ndi mapatapata oduka chingwe.